Pa maliro a amayi ndinalibe pokhala

Ndinaganiza zochoka tsiku limene anyamata oitanira pa depoti ya Limbe anandivula duku n'kumaponyerana ngati mpira. Ndinabadwa ndi thupi la mwamuna koma ndine mkazi, ndipo ndinali nditatopa kupepesa. Amene ankandimvetsa ndi amayi okha. Pondiperekeza anangoti, "Pita, Chifundo, ukapumeko."

Ku Amereka ndinapeza ntchito yogawa chakudya pasukulu ina ya pulayimale. Kusungulumwa kunalipo, kuzizira ndiye osanena, koma panalibe wondiloza chala. Ndalama ndinkatumiza kudzera kwa malume anga, a Mbewe, mkulu wa mpingo. Ankazilandira bwinobwino osafunsa ngati wozitumizayo wavala siketi kapena thalauza.

Kenako munthu wina analowa ndi mfuti pasukulu ina, kutali ndi kumene ndinkakhala, n'kupha ana. Ndinalira ngati wina aliyense. Anawo asanaikidwe n'komwe, zinamveka kuti wakuphayo anali munthu ngati ine. Basi pa wailesi ndi m'mafoni nkhani inasiya kukhala ya ana, inasanduka ya ife. Ati ndife amisala, ati tisayandikire ana. Makolo ena anadandaula, ndipo abwana anandisamutsira kumbuyo kotsuka mapoto, kumene ana sakanandiona.

Amayi anamwalira chaka chomwecho. Ndinakwera ndege ndikufuna chinthu chimodzi chokha: kukhala pamphasa pafupi ndi bokosi lawo, monga achitira mwana wamkazi.

Kwathu ku Naperi ndinapeza azimayi akuimba m'nyumba, azibambo ali panja pa mabenchi. Ndinamanga chitenje n'kulunjika pakhomo. Malume ananditsekereza, foni ili m'manja.

"Muno muli ana," anatero. "Tinaonera zimene anthu a mtundu wako akuchita kumeneko."

"Malume, ine mfuti sindinaigwirepo. Agona umowo ndi amayi anga."

"Kavule zimenezo ukakhale ndi azibambo anzako."

Kanema amene anandionetsa anali mmodzi mwa makanema a m'mafoni onyoza anthu ngati ine, omwe anandichotsetsa pogawa chakudya. Wina anangoikamo mawu a Chichewa, ndipo anali atazungulira kale pakati pa abale onse. Ine ndinakwera ndege ziwiri kuti ndifike, koma kanemayo anali atafika kalekale. Malume sadziwa dzina la mwana ngakhale mmodzi mwa ophedwawo, ndipo sindikhulupirira kuti anawalira. Anangopezapo chikwapu chatsopano.

Sindinavule. Ndinaima kunja kwa mpanda, pamene anaimika magalimoto, nditapsa mtima mpaka misozi inakana kutuluka. Azimayi amene ndinakulira m'manja mwawo ankadutsa ndi ndowa zamadzi atayang'ana pansi.

Kumanda ndinaima kumbuyo kwa anthu onse. Itakwana nthawi yoika nkhata, woyendetsa mwambo anaitana kuti, "Ana a malemu." Amayi anabereka ine ndekha, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa. Anthu anadikira pang'ono, osacheuka ndi mmodzi yemwe. Kenako malume ananyamula nkhatayo n'kukaika okha.