Mayi Eulalie Narcisse ndi Kabasi ka Pakhomo la Tchalitchi

Akhristu a parishi ya Rita Woyera kuno ku Anse Rouge, sabata yatha tinaika m'manda mayi Eulalie Narcisse. Ambiri timawakumbuka ndi chipewa chawo chofiira komanso pakamwa pawo posabisa mawu. Koma achinyamata sadziwa njira imene mayiwa anadzera, choncho kapepala kathu ka Lamulungu lino kafotokoza moyo wawo.

Mayi Eulalie anabadwira m'minda ya nzimbe, m'kanyumba ka matabwa ka mwini munda. Makolo awo anali odula nzimbe. Masiku amenewo anthu akuda ankakhala kumbuyo m'tchalitchi, ndipo ankalandira Ukaristia azungu onse akatha. Tsiku lina Misa ili mkati, kamtsikanako kanafunsa mokweza kuti, "Amayi, kodi Yesu wa kumbuyo kuno ndi wotsala?" Mayi ake anakatsina pantchafu, koma pobwerera kunyumba anaseka njira yonse.

Panalinso chinthu china chimene pabanjapo sankaseka nacho. Azakhali awo, a Zelia, khanda lawo litamwalira anasiya kulankhula, kenako anasiya kudya. Kunabwera galimoto n'kuwatengera ku chipatala cha amisala, kutali kumpoto. Sanabwererenso. Dzina lawo silinatchulidwenso pakhomopo, ngakhale pa kolona ya madzulo. Eulalie akafunsa, yankho linali limodzi: "Khala chete, zimenezo sitinena."

Atakula anakwatiwa ndi bambo Wilfred Narcisse, amene ankagwira ntchito ku fakitale ya shuga, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Lionel. Mayi Eulalie anaphika m'khitchini ya pasukulu yathu mpaka kupuma pantchito. Kutchalitchi ankachapa ndi kusita nsalu za paguwa. Pakagwa maliro, mphika wawo wa gumbo, msuzi wa nkhuku ndi therere, unkafika anamfedwa asanapukute misozi. Wina atawanyengerera kuti alowe kwaya, anakana n'kunena kuti, "Mulungu sasowa omuyimbira. Amasowa omutsukira mapoto." Patsogolo pake anasankhidwa kuti azipereka Ukaristia kwa odwala m'makomo, ndipo ntchito imeneyi ndi imene ankaikonda koposa zonse.

Chaka chimene namondwe anasasula madenga a mumsewu mwawo, iwo anakunga lona pabwalo n'kumaphikira aliyense wodutsa. Kenako bambo Wilfred anafa ziwalo mbali imodzi. Kwa zaka zambiri mayi Eulalie anawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi. Sitinawamve akudandaula. Iwo ankati madandaulo awo ankapita nawo kwa Mulungu yekha, ndipo ankamuuza mosapsatira.

Bambo Wilfred atamwalira, mayiwa sanagwetse msozi pamaliro, ndipo tonse tinawayamikira kuti ndi olimba. Sitinadziwe. Patapita miyezi ingapo chipewa chofiira chija chinayamba kusowa pa Misa ya m'mawa. Makatani a m'nyumba mwawo sankatsegulidwanso. Mpunga unkasasa mumphika. Akagwira kolona, mawu sankabwera, ndipo mumtima mwawo anayamba kukhulupirira kuti Mulungu wawalavula ngati nzimbe yotha madzi.

Amayi a m'gulu la Maria anapita kukawaona, motsogozedwa ndi mkulu wawo, mayi Verna Chenier, amene anali mnzawo kuyambira kusukulu.

"Eulalie, dzukani," anatero mayi Verna. "Mkhristu sagona chonchi ngati alibe chiyembekezo. Wonjezerani kolona, zimenezi zitha."

Anayesa kuwonjezera. Sizinathe. Chimene chinawonjezeka ndi manyazi.

Lionel atabwera kuchokera ku mzinda wa Houston kumene amagwira ntchito, anapeza mayi ake atawonda, diresi likungolendewera. Iwo anamuyang'ana n'kunena kuti, "Ukanachedwa pang'ono ukanapeza nditapuma, ndipo zikanakhala bwino kwa tonse." Tsiku lomwelo anawatengera kwa dokotala.

Dokotala anawafunsa mafunso ambiri, kenako anawauza kuti akudwala matenda ovutika maganizo, ndipo ku chipatala cha mutauni yaikulu kuli chithandizo cha okalamba odwala chotero. Mayi Eulalie anakumbatira chikwama chawo pachifuwa.

"Azakhali anga analowa khomo lotero, sanatulukenso. Ine simunditsekera."

"Palibe akutsekereni, mayi," anatero dokotala. "Muzipita m'mawa masiku angapo pa sabata, masana muzibwerera kwanu. Muzigona pabedi panu."

"Kiyi wa nyumba yanga akhala ndi ndani?"

"Ndi inuyo."

"Chabwino, ndiyesa. Koma khofi wake akakhala wamadzimadzi, musandionenso."

Khofiyo analidi wamadzimadzi, koma anapitabe. Kumeneko anapeza okalamba anzawo atakhala mozungulira, ndi mlangizi wamng'ono ngati mdzukulu wawo. Namwino ankawayeza n'kumayang'anira mankhwala awo. Ankawapatsanso tintchito tokachita kunyumba: kutsegula makatani, kuphika kamodzi patsiku, kuyenda mpaka pamphambano. Mayi Eulalie ankaziona ngati zachibwana. Masabata oyamba ankangokhala atapinda manja, ndipo akafunsidwa ankati, "Ine ndangobwera kuti mtima wa mwana wanga ukhale pansi."

Tsiku lina mayi wina wa mpingo wa Baptist anauza gululo kuti amakwiyirabe malemu amuna awo. Mayi Eulalie anangodzimva akulankhula. Anati zaka zomaliza za Wilfred anali atatopa mpaka m'mafupa, ndipo tsiku limene anamwalira, chinthu choyamba chimene anamva mumtima chinali kupepukidwa. Kuyambira pamenepo ankadziona ngati munthu wopha mwamuna wake ndi maganizo, wosayenera kuyandikira guwa.

Anadikira kuti anthu ayang'ane kumbali. M'malo mwake mayi wa Baptist uja anati, "Inenso, achemwali." Bambo wina wokalamba anagwedeza mutu n'kuti, "Ndi inenso." Apo mpamene misozi ya pamaliro ija inatuluka.

Loweruka lake anapita kukalapa kwa bambo mfumu athu, bambo Obiora. Potuluka anauza aliyense amene anakumana naye zimene anamva, poti chinsinsi cha kulapa chimamanga wansembe, osati wolapa: "Akuti kutopa si tchimo. Ndadzizunza chaka chonse ndi tchimo loti kulibe!"

Pang'onopang'ono mankhwala ndi zokambirana zija zinayamba kugwira ntchito. Anayambanso kudya. Makatani anatseguka. Ndipo mphamvu zitabwerera, anatulukira chinthu chimene chinawakwiyitsa. Chipatalacho chinkatumiza kabasi kotenga odwala m'makomo, ndipo pambali pake panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti n'kachithandizo cha maganizo kwa okalamba. Lionel anali atapempha dalaivala kuti aziima kanjira ka kuseri kwa nyumba, ndipo anauza anthu kuti mayi ake amapita kukawongola mawondo.

Anamuimbira foni. "Iwe Lionel, mawondo angawa ali bwino kuposa ako. Wakutuma ndani kuti uzindinamizira?"

"Amayi, anthu a ku Anse Rouge mukuwadziwa pakamwa pawo."

"Ndikuwadziwa, ndinawadyetsa onse ali ndi mamina. Azakhali anga anawabisa mpaka dzina. Ine sundibisa ndili moyo."

M'mawa wotsatira anauza dalaivala kuti aziwatengera pakhomo la tchalitchi, Misa ya m'mawa ikangotha. Amene tinalipo tsiku loyamba sitidzaiwala. Kabasi kanaima penipeni pamakwerero. Anthu anawerenga zilembo zija n'kuyamba kunamizira kufunafuna makiyi m'matumba. Mayi Eulalie anatsika makwerero osafulumira, anakonza chipewa, n'kutembenuka: "Ndapita kukakonzetsa mutu. Alipo wofuna malo? Mipando ilipo."

Zimenezi sizinapite zaulere. Sabata yomweyo mayi Verna anawakokera pambali.

"Eulalie, tagwirizana kuti mupume kaye pa zopereka Ukaristia. Musandimve molakwa. Koma munthu wonyamula Thupi la Ambuye amafunika kukhala ndi mutu wabwino."

"Verna, inu mumadzibaya jakisoni wa matenda a shuga m'mawa uliwonse. Chikhulupiriro chanu n'chochepa kodi? Bwanji osangowonjezera kolona?"

Mayi Eulalie analunjika ku nyumba ya ansembe, ndipo anatulukako kabokosi ka Ukaristia kali m'manja. Komabe mabanja ena anaimba foni kuparishi kupempha kuti kwawo kuzipita munthu wina. Limodzi mwa mabanjawo linali la mayi wina amene iwo anawayendera zaka zambirimbiri. Zinawapweteka kwambiri. Analira kunyumba, m'mawa anakafotokoza ku gulu lawo la kuchipatala, ndipo Lachisanu anakagogoda pamakomo amene anatsala.

Limodzi mwa makomowo linali la bambo Alcide Guillory, amene kwa nthawi yaitali ankalandira anthu pakhomo la tchalitchi chathu. Akazi awo atamwalira anasiya kubwera ku Misa, ati miyendo ikuvuta. Mayi Eulalie atalowa anaona makatani otseka ndi mbale zosatsuka. Atawapatsa Ukaristia anakhala pansi.

"Alcide, fungo la nyumba ino ndikulidziwa. Si la miyendo."

"Mukufuna kunena chiyani? Ine si wamisala."

"Inenso ayi. Ndine wodwala wokwera basi. Tandiuzani zoona: mumaganiza zodzipha?"

Bambo Alcide anayang'ana pansi.

"Mfuti yanu yosakira abakha ili kuti?"

"Imeneyo si nkhani yanu, Eulalie."

"Mwangolandira kumene Ambuye kuchokera m'manja mwangamu. Ndi nkhani yanga."

Sanachoke mpaka bamboyo ataloza kuseri kwa kabati. Anachotsa zipolopolo monga ankachitira malemu amuna awo, anaikulunga mfutiyo m'nsalu ya patebulo, n'kuimbira mwana wamkazi wa bambo Alcide kuti abwere msanga. Anamudikira pomwepo, ndipo atafika anamupatsa mfutiyo pamodzi ndi dzina la dokotala. Bambo Alcide, amene alola kuti zimenezi zilembedwe, akuti anawatukwana mayiwa mpaka pageti, ndipo kwa masabata angapo sanawalankhule.

Kenako m'mawa wina, kabasi kataima pamakwerero paja, tinaona bambo Alcide akubwera atavala jekete la Lamulungu. Sanapereke moni kwa aliyense. Anakwera, n'kuima pafupi ndi mpando wakutsogolo.

"Tasunthani, Eulalie. Mwadzaza mpando wonse ndi chipewa."

"Mwachedwa. Ndipo ndikuchenjezeni, khofi wake ndi woipa."

Mayi Eulalie anamaliza chithandizo chawo, koma mankhwala sanasiye. Patapita zaka zingapo matendawo anabweranso, nthawi ya Khrisimasi. Ulendo uno sanadikire kuti wina awapeze. Anaimba okha foni kuchipatala n'kuyambiranso. Wina atawafunsa ngati sizikuwakhumudwitsa, anayankha kuti, "Denga likadontha kachiwiri sugona pamvula chifukwa cha manyazi. Umaitananso mmisiri." Pa zaka zimenezo okalamba angapo a parishi ino anapita kukalandira chithandizo atacheza ndi mayiwa, ena pakabasi, ena mwakachetechete pagalimoto za ana awo. Mayi Eulalie sanatchulepo dzina la aliyense wa iwo. Nkhani yokhayo imene ankaulula inali yawo.

Mu Lenti ya chaka chino mtima wawo unayamba kufooka. Anakana kukagonekedwa kuchipatala, ndipo anamwino ankabwera kudzawasamalira kunyumba. Mayi Verna sanapepesepo ndi pakamwa, koma masiku omalizawo ankabwera tsiku lililonse kudzawapesa tsitsi, awiriwo akukangana za amene ankaphika gumbo yokoma. Bambo Obiora atawadzoza mafuta a odwala, mayi Eulalie anaitana mwana wawo.

"Lionel, pamaliro anga anthu adzanena za mapoto ndi nsalu za paguwa. Asiye anene. Koma iweyo ukaime kutsogolo, ukatchule matenda anga ndi dzina lake. Ukatchulenso azakhali anga a Zelia, awapempherere ndi dzina. Ukapanda kutero uzidzandilota."

Anamwalira Lachinayi masana, mawindo ali otsegula, anzawo akupemphera kolona m'chipindamo. Anangopuma mozama kamodzi, ngati munthu amene watula mtolo.

Pa Misa ya maliro, mabenchi akutsogolo anakhalapo anzawo a kuchipatala aja, Akatolika, a Baptist, ndi ena osapemphera n'komwe. Lionel anaimirira n'kunena kuti, "Amayi anga anadwala matenda ovutika maganizo. Anakalandira chithandizo, ndipo anakhala moyo. Ine ndinkafuna kuwabisa, iwo anakana." Kenako anatchula dzina la a Zelia, ndipo tchalitchi chonse chinayankha pemphero la akufa.

Mkhristu mnzathu amene mwatseka makatani, kapena inu amene muli ndi kholo limene lasiya kudya ndi kulankhula, musadikire. Lankhulani ndi dokotala, lankhulani ndi bambo mfumu, ndipo kolona musasiye. Bambo Alcide akuti aliyense woopa kupita yekha awauze, adzamuperekeza.

Ambuye, mtumiki wanu Eulalie mumulandire kumene kulibe kutopa, ndipo kuwala kwanu kumuwalire pamodzi ndi Wilfred ndi Zelia. Ause mumtendere. Amen.