Makalata Anga kwa Gresi wa ku Ndola

Ndinadandaula koyamba Lachiwiri la sabata yachitatu ya teremu yoyamba. Ndinadandaulanso Lachisanu lotsatira, ndipo kachitatu kalatayo ndinakapereka ndekha pasukulu yathu kuno ku Mkaika, nditavala tayi. Makope onse atatu ali m'sutikesi yanga, pamodzi ndi khadi la katemera la galu amene anafa kalekale. Dandaulo langa linali ili: n'chifukwa chiyani ana a Giredi 5 akutayitsidwa nthawi ndi phunziro la kudziteteza pa intaneti, pomwe ambiri sadziwa kuchulukitsa seveni ndi eyiti, ndipo foni amaigwira pokhapokha amayi awo akaiiwala popita kudimba? Monga umboni ndinakopera mizere iwiri ya m'kabuku ka mdzukulu wanga: "Munthu amene sukumuona angathe kunama kuti iye ndi ndani. Chinsinsi cha mnzako si chako." Mpaka lero sanandiyankhe.

Pofunafuna kope lachiwiri kuti ndilembe kalata yachinayi, ndinagwira envulopu yofiirira imene ndakhala ndikuilambalala zaka zambirimbiri. Ndinakhala pansi. Anzanga okalamba, imvani.

Ndikukumbukira ndili Giredi 6, pasukulu ya mishoni yogonera komweko. Lamlungu tinkabwera ndi ufa ndi nyemba zathu, Lachisanu n'kubwerera kumudzi. Tsiku lina sopo amene amayi anandigulira anakulungidwa m'tsamba la nyuzipepala, ndipo patsambapo panali mayina a anthu ofuna anzawo olemberana nawo makalata. Maso anga anagwera pa Gresi, wa zaka khumi ndi zinayi, wa ku Ndola, wokonda kuwerenga ndi mpira wamanja. Pepalalo linkanunkhira sopo, ndiye ndinatsimikiza kuti Gresiyo ndi waukhondo kwambiri.

Makalata onse a pasukulu ankadutsa m'manja mwa munthu mmodzi, kapitawo wa makalata. Chaka chimenecho anali Layisoni wa Giredi 7, mnyamata amene anali atayamba kale kumeta ndevu. Lachisanu ankapalasa njinga ya ahedi kupita ku positi ku Katete ndi chola, ndipo Lolemba m'mawa ankaitana mayina pansi pa mkuyu. Ndinam'patsa kalata yanga ndi manja awiri.

Yankho linabwera Lolemba lotsatira lomwelo. Kalata ya amalume yochokera ku Luanshya inkatenga masabata atatu, koma ine, amene lero sindilandira pepala ndisanayang'ane chidindo, sindinafunse kanthu. Sitampa inali yokwinyika, yomatidwa ndi phala. Pepala linali long'ambidwa m'kabuku kofanana ndi kathu, ndipo linkanunkha utsi ndi nyemba zopserera ngati khitchini yathu. Ndinangoti kodi ndi mmene ku Ndola kumanunkhira, n'kuliika pamtima.

Ndinanama, anzanga, ndinanama mpaka inki kutha. Atate anasanduka eni sitolo. Ine ndinasanduka womwetsa zigoli, chonsecho ntchito yanga pabwalo inali kukatola mpira m'tchire. Gresi atapempha chithunzi, ndinabwereka jekete la akatekisiti, lomwe manja ake ankabisa zala zanga, ndipo ndinauza wojambula woyenda panjinga kuti alekeze m'mawondo. Sanalekeze. Mapazi anga osavala, ong'aluka ming'alu, anatuluka bwino kuposa nkhope.

Pofika kalata yachinayi mabodza anali atandithera, koma Gresi analemba kuti, "Ndiuzeni za anzanu. Wokonda sabisa." Choncho ndinayamba kugawa choona chimene sichinali changa.

Mnzanga wa pamtima ndimutchula Zakeyo, ngakhale silinali dzina lake. Tinkaphika mumphika umodzi, kufunda bulangete limodzi. Sukulu yonse inkadziwa kuti atate ake amagwira ntchito ku Migodi. Tsiku lina tikukumba mbewa m'munda wokolola kale, anandiuza kuti atate akewo ali m'ndende ku Chipata chifukwa chogulitsa ng'ombe ya eni. Anandilumbiritsa. Ndinanyambita chala, kuchidutsitsa pakhosi, kuloza kumwamba. Patatha milungu iwiri nkhaniyo ndinailemba yonse, theka la tsamba, ndi zilembo zanga zokongola kwambiri.

Linali Lachitatu masana, tikupalira m'munda wa sukulu, dzuwa likuswa mtengo. Aphunzitsi atangochoka, Layisoni anakwera pachulu, kutulutsa mapepala m'thumba la kabudula, n'kuyamba ndi kamawu kachitsikana: "Wokondedwa wanga Gresi, duwa la ku Migodi." Makasu onse anagwa. Anyamata ena anagubuduka m'mizere. Chithunzi chinayenda dzanja ndi dzanja, wina n'kukuwa kuti, "Abwana a sitolo, nsapato munaziiwala pashelefu?" Ndinaseka nawo, kuseka kwa nkhuku yonyowa, poganiza kuti zithera pomwepo.

Kenako Layisoni anatembenuza tsamba.

"Achimwene, pamenepo ayi," ndinatero. "Ndikupatsani nyemba zanga zonse."

"Gresi sadya nyemba," anayankha, n'kuwerenga.

Palibe anaseka. Zakeyo anagogoda khasu lake pamwala kuchotsa dothi, analiimika bwinobwino pachitsa, n'kundiyang'ana. "Unanyambita chala, Gilibati." Anangonena zimenezo. Lachisanu ananyamula mphika ndi bulangete, ndipo Lamlungu sanabwerenso. Tinamva kuti anapita kwa amalume ake ku Vubwi kukaweta mbuzi. Pa masamu ankandiposa kutali.

Ahedi anakwapula Layisoni zikoti zisanu ndi chimodzi, ine zinayi, kenako anandibwezera makalata anga onse ndi chithunzi mu envulopu yofiirira ija. Palibe ngakhale imodzi imene inafika ku positi. "Sunga," anatero, "uziwerenga tsiku limene wadziona wanzeru." Anthu amati ndimasunga mapepala chifukwa ndinali kalaliki. Ayi, kusunga kunayambira pamenepo. Kuwerenga ndiye ndinaleka.

Zakeyo ndinakumana naye kamodzi, tonse tili ndi imvi, pogulitsa thonje ku Sinda. Ndinathamanga ndi dzina lake la paubwana pakamwa. Iye anavula chipewa, n'kunena mwaulemu wonse, "Muli bwanji, a Banda? Kunyumba ali bwanji?" Anandipatsa moni wopatsa mlendo, n'kubwerera pa thonje lake.

Ndiye taonani. Kuti Layisoni andipusitse, anafunika njinga ya ahedi, chola, phala ndi sabata yathunthu, ndipo omvera ake anali ana a m'munda umodzi. Layisoni wa lero akufunika chala chimodzi, ndipo chulu chake aliyense amachiona kuyambira ku Vubwi mpaka ku Lusaka. Ine, amene ndinatomera mnyamata wa ndevu kwa mwezi wathunthu, ndi amene ndakhala ndikulembera sukulu kuti ana asaphunzitsidwe kufunsa kuti kumbali inayo kuli ndani.

Choncho, kwa Aphunzitsi Aakulu, amene ndawatumizira kope la zimenezi. Dandaulo langa ndalichotsa. Komabe makalata anga atatu ayankhidwe, pakuti munthu akalemba amayenera kuyankhidwa, ngakhale atalemba zopusa. Ndikupemphanso kuti mundilole kuima pamaso pa ana a Giredi 5 pa phunziro limeneli, ndiwawerengere makalata anga kwa Gresi ndi pakamwa panga. Chithunzi achione ndithu, mapazi ndi zonse. Tsamba lachiwiri la kalata yachinayi lokha sindidzawerenga. Ndikupempha yankho lolembedwa, lokhala ndi chidindo cha sukulu, teremu ino isanathe.