Chitsa Changa cha Bulugama

Ganizo lopita ku Joni ndinalipanga ndili pachitseko cha minibasi, pa siteji ya ku Machinjiri, tsiku limene ndinatsala pang'ono kumenya pasinjala. Anali mnzanga wakale wa m'kalasi, atavala tayi, akupita kuntchito ku Limbe. Anandipatsa ndalama osandiyang'ana, kenako atandizindikira anati, "Makwinja, ndiwe? Ukadali pompano?" Panopa ndikudziwa kuti sananene mwachipongwe. Koma ine ndinabadwa ndi mtima wapachala, ndipo akanapanda dalaivala kundigwira lamba, tayi ija ikanakhala nkhani ina. Munali m'chaka chija tinavota koyamba pa matipate. Aliyense ankayankhula za kusintha, ine ndinkangoona fumbi lomwe lija.

Amayi ndinawauza akusankha nyemba pa lichero. Sanandiletse. Anangofunsa ngati ndikupita kukafuna ntchito kapena ndikupita chifukwa ndakwiya. Ndinati zonse ziwiri. Iwo anati chabwino, koma ndidziwe kuti mkwiyo satsala nawo a kasitomu pa Mwanza, ndikawoloka nawo.

Sukulu ndinaisiya ndili Folomu 4, teremu yoyamba, ndipo palibe amene anandichotsa. Tinkayenda wapansi kuchokera ku Machinjiri mpaka kusukulu yoyendera cha ku Ndirande, ndiye mvula ikagwa tinkafika belu litalira kale. Nditachedwa katatu sabata imodzi, a Chiwaya, aphunzitsi a masamu amene ankayang'aniranso za mwambo, anandiitana pa asembule n'kundipatsa khasu ndi nkhwangwa. Kuseri kwa ofesi ya aphunzitsi kunali chitsa cha bulugama chachiwisi, chachikulu moti anthu awiri akanakhalapo osakankhana. Lamulo la pasukulupo linali lodziwika: wopatsidwa chitsa salowa m'kalasi mpaka chitazuka. Ine ndinaponya khasu pansi pamaso pa sukulu yonse. Ndinati akazule okha, ine sindinabwere kudzagwira ganyu. Ndinawonjezanso mawu ena amene sindingawalembe pano. Ndinatuluka pageti anzanga akung'ung'udza monditama, ndipo kwa sabata yathunthu ndinkadziona ngati ngwazi. Zotsatira zake zinali zaka ziwiri zoitanira minibasi.

Ku Joni ndinapita pa thiraki ya mkulu wina wa ku Bangwe, kudzera ku Tete. Anakanditula kwa a Gondwe, bambo a ku Mzimba amene ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mzungu. Ndiwo anandipezera ntchito ku kampani yodula mitengo m'mayadi a anthu olemera. Anzanga ankakwera m'mwamba ndi makina n'kumadula. Ine wachilendo anandipatsa ntchito yotsalira pansi. Kuzula zitsa.

Ndinazula zitsa zaka zinayi. Za paini, za jakaranda, za bulugama yemweyo. Kapitawo akanditukwana m'chinenero chimene sindinkachimva, ndinkangoti inde bwana, chifukwa munthu wopanda mapepala akakweza mawu, mawa lake amapezeka m'galimoto ya polisi ikulowera ku malire. Mtima wapachala uja ndinkaumezera limodzi ndi buledi. Tsiku lina ndinawasimbira a Gondwe nkhani ya a Chiwaya, ndikuganiza kuti andimvera chisoni. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye iwe unakwera thiraki masiku atatu kuti udzazule chitsa cha mzungu? Chakwanu chija chinali ndi minga?"

Sindinawayankhule masiku awiri.

Ndalama zinalipo, ndisaname. Ndinatumizira amayi malata, mabulangete ndi wailesi ya makaseti. Chimene chinkandivuta ndi Lamlungu. Ndinkakhala pampanda kuyang'ana msewu wopanda munthu woyenda pansi, agalu okha akuuwa kuseri kwa mageti. Kwathu sungachoke panyumba kukafika pamsika osapatsidwa moni, ena mpaka kukutopetsa ndi mafunso. Kumeneko ndinkatha tsiku lonse pakamwa pali potseka, mpaka malovu kuwawa.

Makalata ankabwera ndi madalaivala. Ankalemba ndi mlongo wanga Esinati, amene analembedwa uphunzitsi pomwe pulayimale inakhala yaulere. Ankandisimbira za abambo andevu amene ankabwera kudzakhala pansi mu Sitandade 1 pamodzi ndi ana awo, ine n'kumaona ngati akundinyogodola. Kenako m'kalata ina anaikamo kachidutswa ka nyuzipepala. Koleji ina mu Blantyre momwemo inkatsegula kosi ya chaka chimodzi ya akuluakulu amene anasiyira sukulu panjira, ndipo wokhoza ankaloledwa kulemba mayeso olowera ku yunivesite. Ankafuna setifiketi ya Folomu 2, imene ndinali nayo. Ankafuna zaka, zimene ndinali nazo zokwanira. Ankafunanso kalata ya khalidwe yochokera kusukulu yomaliza. Pansi pake Esinati analemba ndi bolopeni yofiira ngati akuchonga mayeso: "Ahedi panopa ndi a Chiwaya."

Kapepalako ndinakasunga m'Baibulo la a Gondwe miyezi itatu. Ndinaganizapo zogula kalata yabodza, poti ku Joni chilichonse chimagulidwa, ngakhale chidindo. A Gondwe anandiuza kuti Blantyre ndi wamng'ono: amene akawerenge kalatayo mwina anaphunzitsidwa ndi a Chiwaya, mwina amapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Ndinalongedza, n'kukwera basi.

Amayi ndinawapeza atachepa thupi, koma pakamwa pali pomwe paja. Ndinawaonetsa wotchi yapamkono imene ndinagulira a Chiwaya, n'kuwauza kuti mawa ndipita ndekha kukathana nazo. Anatenga wotchiyo n'kuiika m'kabati. Anati ahedi si wapolisi wa pamsewu woti n'kumupatsa kenakake. Anatinso mwana wolakwa kusukulu sabwerera yekha, amabwera ndi kholo. Ndinawakumbutsa kuti ndili ndi ndevu. Anati ndevuzo si zimene zinatukwana aphunzitsi.

M'mawa mwake anavala duku ya kutchalitchi. Ndinkafuna tikwere minibasi, iwo anakana. Tinayenda wapansi njira yomwe ija, kudutsa m'minda ya chimanga, amayi akupereka moni kwa aliyense ndi kufotokoza kuti uyu ndi uja anapita ku Joni, tikupita naye kusukulu. Ndinkangofuna nthaka itseguke.

A Chiwaya anali atachita imvi, magalasi awo atamangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anawalozera amayi mpando, koma iwo anakhala pansi pasimenti, n'kundikoka buluku kuti nanenso ndinjute. Anayamba kufotokoza ngati zinachitika sabata yatha: kuti mwana wawoyu analakwa, anaponya khasu, anatulutsa mawu oipa, ndipo abwera naye kuti aphunzitsi aone chochita. Za kalata sanatchule n'komwe. Ndinapepesa ndikuyang'ana nsapato zanga za ku Joni, kenako ndinatchula ndekha za kosi ija. A Chiwaya anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma.

"A Makwinja," anatero, "mwachedwanso."

Ndinamva mawu akale aja akukwera pakhosi, ndipo ndikudziwa kuti akanatuluka, kosi ija ikanathera mu ofesi momwemo. Amayi ananditsina pantchafu, mwamphamvu, osatembenuza nkhope. Ndinameza.

A Chiwaya anati iwo sangalembe kalata ya khalidwe ya mwana amene chilango chake sichinathe. "Chitsa chanu chilipo. Sindinapatse wina aliyense." Anatumiza mlonda kukatenga khasu ndi nkhwangwa.

Inali nthawi ya buleki. Ana asukulu anaunjikana chapatali, akufunsana kuti bambo ameneyu walakwa chiyani. Mtsikana wina anati mwina ndi mphunzitsi watsopano amene wachedwa, onse n'kuseka. Ndinavula jekete yachikopa n'kupatsira amayi. Chitsacho chinali pomwe paja, chakuda, udzu utamera mozungulira. Ndinachiyeza ndi maso monga ndinkachitira ku Joni, n'kuona kuti ndi ntchito ya masiku awiri. Ndinayamba kukumba ngalande mozungulira kuti ndipeze mizu ikuluikulu. Muzu woyamba utaonekera, ndinakweza nkhwangwa ndi mphamvu zanga zonse.

Nkhwangwayo inalowa ngati m'chigumu. Ndinatsala pang'ono kugwa chafufumimba. M'kati monse munali dothi lofiira ndi timayenje ta chiswe. Ndinachiponda kamodzi, chinagwedezeka. Ndinachipondanso, chinagawika patatu. Belu loti ana abwerere m'kalasi lisanalire, chitsa chinali chitagona pambali, ine thukuta lisanafike n'kumsana komwe.

Ndinakhala pamphepete pa dzenjelo n'kuyamba kuseka, kuseka kosaleka, mpaka misozi. A Chiwaya anali ataima kumbuyo kwanga, manja ali kumsana. Anati chikanakhala chachiwisi ndikanatha masiku atatu. Anati chiswe chandigwirira ntchito, kungoti chiswe sichifulumira, chatenga zaka zisanu ndi chimodzi.

Kalatayo anaitayipa okha, ndi zala ziwiri. Ndinaiwerengera pageti. Analemba kuti ndinali mmodzi mwa ana amene ankamva masamu msanga, kuti ndinachoka mwa kufuna kwanga, ndiponso kuti ntchito imene ndinapatsidwa ndinaimaliza. Za khasu lija munalibe.

Panopa ndili teremu yachiwiri. M'kalasi mwathu muli namwino, wapolisi, ndi amayi ena ogulitsa kaunjika ku Zingwangwa amene amatiposa tonse pa Chingerezi. Ana a ku yunivesite amatitcha amachuwa, kunena ife okalambira pasukulu, ndipo tsiku loyamba ndinakunga chibakera m'thumba, koma chinathera m'thumba momwemo. Masamu abwerera. Kulemba nkhani zazitali kukundisautsabe.

Esinati ndiye anadzandiuza zimene anamva kwa mlonda uja. Akuti kawiri konse komiti ya makolo inafuna kuchotsa chitsacho kuti amangepo bafa ya aphunzitsi, a Chiwaya n'kumakana, amvekere mwini wake abwera. Zaka zonse zija ku Joni ndinkaganiza kuti kwathu akundisungira manyazi, kuti aliyense wa ku Machinjiri akandiona akumbukira khasu. Pamene amandisungira malo, pamodzi ndi ntchito yanga yosatha.

Tsiku lija pobwerera, amayi anatola zidutswa zimene chiswe chinasiya, n'kuzimanga m'chitenje. Ndinawauza kuti azisiye, anthu atiseka. Anati nkhuni ku Machinjiri zadula, ndipo chitsachi ndi chathu, tachivutikira mokwanira. Kenako ananditwika pamutu, pamwamba pa tsitsi langa lometedwa ku Joni, iwo n'kutsogola atanyamula kalata.