Kuothera Nyale ku Lewisham

Kwathu, munthu akadzuka wofooka m'nyengo yozizira, ankangotulutsa mpando panja n'kuothera dzuwa. Kuno ku Lewisham, kudziko la azungu, Novembala akangofika dzuwa n'kuyamba kusowa, thupi langa limakana kudzuka ndipo ndimangolira popanda wondiputa. Adokotala anati ndi matenda obwera chifukwa chosowa kuwala, ndigule nyale yapadera. Ndiye m'mawa uliwonse ndimakhala patsogolo pake ngati mwanapiye wa pafamu, ine ntchembere yathunthu!

Tsiku lina mu Januwale dzuwa linatuluka. Ndinathamangira panja wopanda jekete, n'kutambasula manja pafupi ndi mabini a zinyalala. Kuwala linkawala ndithu, koma kutentha ayi, ngati lojambula. Ndinaimabe pomwepo ndikunjenjemera, kenako ndinalowa kukayatsa nyale ija. Nanga dzuwa lenilenilo litandikana, ndikanadandaula kwa ndani?