Bango la Mlongo Wanga

Lero mdzukulu wanga wandionetsa m'buku lake muyeso wochepetsetsa, woyezera tinthu tosaoneka ndi maso, n'kundifunsa kuti ungalowe kangati m'chala changa. Pomwepo mtima wanga wabwerera kwathu ku Chintheche.

Ndinali kamtsikana, nthawi ya atsamunda, tsiku limene mlongo wanga wamng'ono anamwalira. Pakhomo pankanunkha chinangwa choviika chosowa wochiyanika. Amalume anadula bango, nalilinganiza ndi mtembo kuchokera kumutu mpaka kuphazi, kuti okumba manda akayezere dzenje. Kenako analitsamiza pakhoma.

Ine posadziwa ndinalitenga n'kudziyeza nalo. Linandilekeza pamchombo.

"Ama, taonani, ndamuposa!"

Amayi anandimenya padzanja, bango n'kugwa pansi.

"Iwe! Ukufuna akumbe awiri?"