Mafuta a m'chigubu cha bambo a Yankho

Lilime ndi limene linayamba kundiuza. Linali tsiku lachitatu chibwerereni ku Joni, masana, ndili pakhonde pathu ku Mgona, adyo ndasinja kale ndi mchere, viniga ali m'botolo, ana anga awiri andizinga kudikira chodabwitsa chimene ndinawalonjeza. Ndinatunga mafuta m'chigubu chimene bambo awo ankasunga kuseli kwa chitseko, n'kuika supuni pakamwa monga ndinaphunzitsidwira. Sanakome, sanawawe. Anangomata lilime ngati ndanyambita mafuta odzola, kenako kukhosi kunabwera kafungo kamene ndinkakadziwa koma osati kakukhitchini, kafungo ka makina osokera. Ndinalavula, ndinalavulanso. Yankho, woyamba wanga, anaseka, ati amayi azolowera zachizungu. Ine sindinaseke. Maso anga anali pa mikono ya mlongo wake Dalitso, pa timatuza takudakuda timene ndinali nditationa kale tsiku lofika, ndikudzinamiza kuti ndi mphere.

Ndinachoka m'chaka cha 2006. Bambo a Yankho ankagwira za fodya ku Kanengo, ntchito ya nyengo, fodya akatha nawonso athera pomwepo, miyezi yotsalayo n'kumangoyang'anana m'nyumba. Msuweni wanga amene anali ku Joni anatumiza uthenga kuti kuli gogo wachizungu akufuna womusamala, koma akhale wamkazi. Kwathu amapita ku Joni ndi amuna, ndiye anthu anayankhula, eti mkazi wanji wosiya mwana wongoletsedwa kumene kuyamwa. Dalitso anali ndi zaka ziwiri, Yankho zisanu. Bambo awo ndi amene anati, "Pitani mayi a Yankho, zaka ziwiri zokha. Tikagula chiwaya cha tchipisi basi, mwabwerako." Ndinakwera basi Dalitso ali kumbuyo kwa aNasibeko, mayi oyandikana nafe nyumba, akumuonetsa nkhuku kuti asaone kumene ndalowera.

Za ku Joni sindinganame kuti ndinaona zambiri. Ndinaona mpanda, geti ndi kachipinda kanga kuseli kwa nyumba. Masiku a m'pasipoti atatha ndinkaopa ngakhale kukataya zinyalala kumsewu, galimoto ikaima mtima phaa, ndikuti ndi apolisi. Sabata yonse inkatha osayankhula Chichewa, mpaka ndinkayankhula ndi tsache. Lamulungu ndinkaimba foni ku byuro ya pa siteji kwathu, mwini byuro n'kutuma munthu kukaitana bambo a Yankho ndi ana, ine ndikudikira ndalama zikutha. Yankho funso lake linali limodzi, mubwera liti. Dalitso ankakana kugwira foni. Ndinkangomva kupuma kwake, kenako mapazi akuthawa.

Gogoyo anali wa ku Italiya, onse m'nyumbamo ankamuti Nona. Anali atafa mbali imodzi, dzanja lotsalalo likunjenjemera, koma pakamwa pokha panali pamoyo, wolongolola ngati wailesi. Chizungu chake chothyokathyoka, changa cha Sitandade 6, tinkamvana ndi manja. Mpongozi wake ankagula msuzi wothira pa saladi kusitolo, wa m'botolo lokongola, Nona n'kukankha mbale mpaka igwe. Tsiku lina anandikoka chitenje, anandilozera kabati, ndipo kuyambira pamenepo manja ake ndinali ine.

Msuziwo anauphunzira kwa mayi ake, mayi akenso kwa mayi awo, sunalembedwe paliponse ndipo mpongoziyo anamumana. Kambewu kamodzi ka adyo, kusinja ndi mchere mpaka kachite phala. Supuni imodzi ya viniga, masupuni atatu a mafuta a azitona. Timasamba touma tonunkhira, iye ankati oregano, kufikisa m'manja kuti tidzuke. Tsabola wakuda, kadontho ka uchi. Ndiye kutseka botolo n'kukhutchumula mpaka zonse zichite mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Koma chisanachitike chilichonse, supuni ya mafuta okhaokha pakamwa. Tsiku limene ndinathira osalawa anandimenya nayo supuniyo pa zala. "Lawa kaye! Moto umabisa mafuta oipa, masamba aawisi sabisa." Anandilawitsa atsopano oyabwa kukhosi, akale onunkha ngati mtedza wovunda, a mpendadzuwa, a chimanga, mpaka ndinkawatchula nditatsinzina. Kwathu ndani amalawa mafuta osaphika? Ndinkangoti ndi misala ya azungu.

Ndalama ndinkapatsira woyendetsa basi wa kwathu, ndipo chaka chisanathe chiwaya chinagulidwa, n'kuikidwa m'mbali mwa msewu pafupi ndi sukulu ya pulayimale. Pa foni bambo a Yankho anayamba kumveka ngati munthu. "Tchipisi changa sichida, mayi. Anzanga mafuta masiku awiri apsa, anga sabata yonse ali mbee." Ndinkanyadira. Ndikafunsa za ana ankati ali bwino, kungoti m'mimba mwa apo ndi apo, ndi madzi a pachitsime awa. Ine m'kachipinda muja ndinali ndi loto langa, lakuti ndikabwerera saladi wa pa chiwaya chathu sadzakhala kabichi wowaza viniga ngati wa aliyense, adzakhala wa msuzi wa Nona, anthu azichita kuchokera ku Area 25 kudzadya. Ndinamufunsa Nona ngati zingatheke popanda azitona, poti kwathu ndi odula. Anakwinya nkhope, kenako anati mpendadzuwa ulinso bwino, bola akhale mafuta oona.

Nona anamwalira m'nyengo yozizira ya 2008. Maliro ake anthu sanakwane minibasi imodzi. Mwana wake anandipatsa envulopu ya ndalama ndi masiku atatu oti ndilongedze. Ndinabwera ndi mabulangete, mapoto, nsapato za ana zimene zinapezeka zazikulu, ndi timasamba tija nditamanga m'kapepala.

Ndinapeza Mgona ali mumdima, akuti thiransifoma ya dera lathu inapsa, sabata yachitatu tsopano. Ndinapeza Yankho wazaka zisanu ndi ziwiri wowonda ngati bango, Dalitso maso ofiira a manthongo, akubisala kuseli kwa bambo ake. Ndipo ndinaona mmene ankadyera. M'mawa tchipisi chotsala dzulo, masana Yankho akaweruka amadzera ku chiwaya, madzulo bambo awo amabwera ndi jumbo ya zinyenyeswa zapansi pa chiwaya, zija zonona kwambiri. Anzawo ankawasirira, ana a mwini chiwaya. Chaka ndi miyezi akudya choncho.

Nditalavula tsiku lija ndinatunganso supuni ina, n'kudutsa nayo mpanda wa udzu kupita kwa aNasibeko. Anali akuchapa. Bulangete limene ndinawapatsa dzana lake, lowathokoza poyang'anira ana anga, linali pa chingwe.

"Tanunkhizani izi, amayi."

Sananunkhize. Anayang'ana supuni, anayang'ana ine, n'kubweza manja m'beseni. "Ndiye mwadziwa."

"Ndadziwa chiyani?"

"Aaa, mayi a Yankho, musandiikire mawu m'kamwa. Inu mukuona ngati magetsi akuthimathimawa akuthima okha? Ndi a m'thiransifoma amenewo. Pali azibambo awiri amabwera nawo pa njinga. Satha msanga, ndiye a ziwaya ena amawakonda."

"Nanga anu ana amadya?"

"Anga? Ndinawaletsa kalekale. Pamzere uno palibe amene amagulira mwana wake pamenepo. Amagula ndi odutsa ndi ana a sukulu."

"Osandiuza? Lamulungu lililonse ndili pa foni, inu mukundipatsa moni?"

"Za m'nyumba ya eni, ndikanayambira pati? Mwamuna ndi wanu, chiwaya munagula ndinu. Ndiye ine ndikhale wopasula banja?" Anafinya malaya. "Komanso anthu a njingawo si oseka nawo."

Mzere wonse unkadziwa. Amayi a kumpingo amene anandilandira ndi nthungululu, amene ndinawagawira sopo, onse ankadziwa. Ankaona Dalitso akukanda mikono, akuthamangira kuchimbudzi, n'kumakokera ana awo m'nyumba.

Dzuwa litapendeka bambo a Yankho anabwera kudzatenga mafuta owonjezera. Ndinaima pa chitseko, supuni ili m'manja.

"Bambo a Yankho, lawani."

"Ndilawe mafuta? Ndine galimoto?"

"Lawani, si mumadyetsa ana anu?"

Nkhope inasintha. Anatseka chitseko ndi phazi. "Wakuuza ndani? Ndimasakaniza ndi abwinobwino, theka ndi theka. Wafapo ndani? Tchula mmodzi."

"Taonani mikono ya mwanayu!"

"Iwe, usandiphunzitse kulera. Unali kudya masamba ndi azungu, ine ndili nawo pano, akulira, akudwala, ndikuchapa ndekha. Ndigule mafuta a m'sitolo ndipindule chiyani? Nyumba ino ukuiona yafoleredwa malata, ukuti ndi masamba akowo?" Kenako anatsitsa mawu, ndipo mawu otsikawo ndi amene anandiopsa kuposa kukalipa. "Ukatsegula pakamwa, kaya kupolisi kaya kutchalitchi, ine ndikalowa m'ndende, inde. Koma eni mafutawa salowa. Akudziwa nyumba ino, akudziwa njira imene Yankho amadzera popita kusukulu."

Anatsegula chitseko, anatulutsa kajumbo ka tchipisi m'thumba la jekete n'kuitana, "Dali! Bwera, mfana wanga." Mwana anathamanga manja ali m'mwamba, kuthamanga kumene sanandithamangirepo ine. Ndinalandira jumboyo ndine, ndinati asambe kaye m'manja, n'kuigwetsa dala m'matope a pa bafa. Dalitso analira, anandimenya ntchafu ndi tizibakera, akuti, "Pitani kwanu! Pitani kwanu ku Joni!" Bambo ake anangoseka, anadzaza botolo lawo n'kubwerera ku chiwaya.

Sindikunena kuti munthuyo sankawakonda ana. Ankawakonda, n'chifukwa chake ankawasungira zonona zapansi. Zimenezo ndi zimene zimandizunguza mutu mpaka lero. Ndipo chiwayacho ndinagula ndine, ndi zaka ziwiri zosambitsa gogo wa eni, ndi mwana wanga kundiiwala nkhope. Sindikudziwa chimene mafutawo asiya m'matupi mwawo, kaya chidzatuluka liti. Ndimawayang'ana m'maso m'mawa uliwonse.

Kutacha ndinakhala ngati palibe kanthu. Ndinawaphikira tiyi bambo awo, ndinawathandiza kukweza thumba la mbatatesi pa njinga. Ndinati Yankho sapita kusukulu lero, ndikupita nawo onse kuchipatala akaone zilondazi. Anati chabwino, koma ndisamale pakamwa. Atangokhota pa ngodya ndinakoka chigubu chija, cholemera, mpaka kuchimbudzi, n'kukhuthulira mafuta onse m'dzenje. Ndinkadziwa kuti pofika mawa kubwera china, koma manja anafuna okha. Ndinamanga zovala za ana m'chitenje chimodzi, mabuku awo a kuchipatala, envulopu ija ndinaisunga m'kamisolo. Mapoto, mabulangete, zonse za ku Joni ndinazisiya. Botolo la adyo ndi viniga linali pakhonde pomwe ndinalisiya dzulo lake, msuzi wosatha kupangidwa, ntchentche zili pa chivindikiro. Sindinalitenge.

ANasibeko anali pa mpanda. "Ulendo wa kuchipatala ndi katundu?"

"Mwina atigoneka," ndinatero. Anayang'ana kumbali. Kuyang'ana kumbali amakutha.

Ndinadzera njira yakuseli kukakwerera pa siteji ina, koma minibasi yopita m'tauni imadutsa pa chiwaya pomwepo, palibe njira ina. Inali nthawi ya buleki. Ndinakanikiza mitu ya ana anga pamiyendo panga, ine n'kusuzumira pang'ono pawindo. Utsi unali tolotolo, bambo a Yankho akuseka, akutembenuza tchipisi choyera bwino, ndipo ana a yunifolomu ali pamzere, tindalama m'manja. Kutsogolo kwenikweni kunali kamtsikana kamene kamakhala desiki imodzi ndi Yankho, kamene dzana lake kanabwera kudzaona nsapato zake zatsopano. Windo linali lotsegula. Pakamwa panga panatseguka, koma ndinakumbukira anthu a njinga aja ndi njira ya kusukulu, ndipo sipanatuluke kanthu. Minibasi inadutsa. Ndinali nditasanduka aNasibeko, tsiku limodzi lokha litandikwanira.

Ku depoti tinakwera ya ku Dedza, kwa mayi anga. Isananyamuke ogulitsa anazinga mawindo, wina n'kulowetsa dzanja ndi jumbo ya tchipisi chotentha pamphuno pa Dalitso penipeni. Mwana anatambasula manja. Ndinawagwira onse awiri m'dzanja langa limodzi, linalo n'kutseka windo. Anakuwa, anandiluma pa mkono, anaitana bambo ake, anthu m'basimo akuti mayi inu mugulireni mwana, nkhanza bwanji. Yankho anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasenda nthochi n'kumupatsa mlongo wake, iye n'kuitaya pansi. Manja aja sindinawasiye mpaka tinawoloka Linthipe, atagona, mano ake akuonekabe pa mkono wanga.