Tikukusinthani, Madala

A Fulutanki anathira mafuta pa filing'i imodzi kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Dzinalo linabwera chifukwa galimoto iliyonse ikaima, ngakhale chiphapha chochita kukankha, iwo ankafunsa kuti, "Fulu tanki, bwana?" Fungo la petulo linawalowerera m'khungu, moti akazi awo ankauza ana kuti asayatse machesi bambo awo ali pafupi.

Chaka china kampani ya mafutayo inalengeza kuti yatembenuka mtima, iyamba kuika ndalama zambiri pa magetsi a dzuwa ndi a mphepo. Ine nkhani yoti fisi wasiya nyama ndimaimvera khutu limodzi, koma a Fulutanki anakhulupirira. Padenga la filing'i anaikapo masola asanu ndi limodzi. Kunabweranso wojambula, naimika a Fulutanki pafupi ndi pampu, chala chitaloza kumwamba. Chithunzicho chinakwera pachikwangwani chachikulu cha pamsewu, pansi pake atalemba kuti "Tsogolo Lathu ndi Dzuwa."

Palibe anawatuma, koma m'mawa uliwonse ankakwera makwerero ndi ndowa ndi kansanza kukapukuta fumbi pamasolawo. Mawondo ankadandaula, iwo osamva. Wamagetsi amene anadzalumikiza mawaya anawauza kuti masolawo ndi ochepa, azingoyatsa nyali za chikwangwani basi, mapampu azidalirabe jenereta ya dizilo magetsi akazima. Iwo anati mwana sayamba n'kuthamanga.

Lachisanu lina manijala anawaitanira mu ofesi.

"Madala, kampani ikusintha zinthu. Inunso tikukusinthani mwezi ukatha."

A Fulutanki anathokoza ndi manja awiri. Atafika kunyumba anati, "Mayi, andisintha. Ndikupita ku za dzuwa." Akazi awo anachapa ovolosi kawiri kuti fungo lichoke, naisita mpaka m'makolala.

Mwezi utatha a Fulutanki analawirira ku filing'i. Anapeza mapampu atsopano, oti dalaivala amalowetsa khadi n'kudzithirira yekha. Manijala anawapatsa kalata, maso ali pafoni.

"Koma bwana, paja munati mukundisintha?"

"Eya, madala. Ngati mu mpira muja. Wina akamalowa, wina amatuluka." Analoza mapampuwo ndi chibwano.

A Fulutanki sanakangane naye. Anangopempha kuti papezeke munthu wopukuta masola, chifukwa fumbi likachuluka nyali zimafooka. Manijala anati wamva.

Masiku ano a Fulutanki amamata ndi kupopa matayala a njinga pansi pa mtengo, tsidya lina la msewu womwewo. Chikwangwani chilipobe. Dzuwa likamalowa nyali zake zimayaka monyinyirika, poti padenga sipakweranso munthu, ndipo iwo zimawapweteka.

Tsiku lina akazi awo atabweretsa chakudya chamasana, anaima n'kuyang'anitsitsa bambo womwetulira wa pachikwangwani uja, chala chili kumwamba.

"Koma uyo ndiye sanamusinthe," anatero mayiwo.

A Fulutanki anapukuta manja pa ovolosi, natsegula kontena.

"Uyo sadya, mayi."